Amalume anandituma kukafunsa mtundu wa alamu ku Kentucky

Achemwali anga anakwatiwa ndi mzungu. Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, koma kumudzi ku Ntcheu funso la amalume linali lisanayankhidwe. Tsiku lomwe tinawaonetsa chithunzi cha mkamwini pafoni, anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako n'kuti, "Zoti ndi mzungu taona. Nanga ndi mtundu wanji?" Titati ndi wa ku America, anapukusa mutu. Amati limenelo ndi dziko, ngati Malawi, pomwe iwo akufunsa mtundu: Mngoni, Mlomwe, Myao. Ndiye pamene ndimatsanzika mu Juni kuti ndikukaona achemwali ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, amalume anandiperekeza mpaka pamsewu n'kundisenzetsa katundu mmodzi yekha: ukafunse.

Za South Bend sindinena zambiri. Amalawi aliko ochuluka, nsima sisowa, ndipo sabata yoyamba ndinangokhala ngati ndili ku Area 25. Ulendo weniweni unayamba Lachisanu lina mbandakucha, alamu atanena kuti kwawo ku Kentucky kuli mwambo wa kumanda ndipo agogo awo alamula kuti mlendo wa ku Africa asasiyidwe.

Tinayenda maola oposa asanu ndi awiri. Indiana ndi chidikha chosatha, chimanga mbali zonse, ndipo alamu anandikhumudwitsa pondiuza kuti chambiri n'chodyetsa ziweto ndi kupangira mafuta a galimoto. Tinadutsa Indianapolis, n'kuwoloka mtsinje wa Ohio pa Louisville, n'kuona mahatchi a ku Lexington m'makola ooneka bwino kuposa nyumba yanga. Pa Corbin, tauni yomwe Harland Sanders anayambira kukazinga nkhuku zomwe lero timati KFC, tinasiya msewu waukulu n'kulowa m'mapiri a Appalachia. Kuyambira pamenepo dziko linasintha. Msewu unayamba kukhotakhota ngati wa ku Golomoti, mitengo ili gwaa, nyumba zili m'zigwa zopapatiza zomwe eni ake amati holler, pakhomo pali galimoto yakufa imodzi kapena ziwiri ndi kadimba ka nyemba.

Agogo, mayi wa zaka 88, anatilandira atakhala pakhonde. Chakudya chamadzulo chinali nyemba zamsuzi wambiri, anyezi wosaphika, masamba ofanana ndi mpiru, ndi chigumu cha ufa wa chimanga chopanda shuga chophikidwa m'chiwaya chachitsulo. Ndinadya ngati ndili kwathu. Titakhuta, ziphaniphani zili waliwali pabwalo ngakhale kunali kusanade bwino pa 9 koloko, ndinatula uthenga wa amalume.

"Agogo, kwathu andituma. Akuti kodi inu ndinu mtundu wanji wa anthu?"

"American," anatero, osaganizira n'komwe.

Ndinayesa kulowera kwina. Ndinati ndikufunsa za makolo, komwe anachokera asanafike kuno. Agogo analoza phiri lomwe linali kuseri kwa nyumba n'kuti anachokera kutsidya kwa ilo, ku Virginia. Nanga asanafike ku Virginia? Apa alamu analowerera, kuti iwo anatumiza malovu ku kampani yoyeza magazi a makolo ndipo zotsatira zinati Scotland, England ndi kumpoto kwa Ireland. Agogo anawayang'ana mdzukulu wawoyo monga momwe azimayi akuluakulu amayang'anira mwana wolankhula zopanda mutu pamaso pa alendo.

"Ku Scotland akundidziwa ndani? Manda a amayi anga ali uko? Ife ndife anthu a m'mapiri muno, basi."

Usiku womwewo alamu anandionetsa mapu pafoni, ndipo ndinazindikira kuti agogo sali okha. Kuyambira mu 1980, boma la America limafunsa anthu za komwe makolo awo anachokera, ndipo munthu amalemba yekha yankho. Pakalembera wa mu 2000, ochuluka kwambiri analemba kuti German, anthu oposa 42 miliyoni. Koma ena oposa 20 miliyoni anangolemba mawu omwe agogo anandiyankha aja. Mu 1990 oterowo anali 12 miliyoni ndi kanthu. Pamapupo anthu amenewa sanabalalike dziko lonse ayi, aunjikana: Kentucky, Tennessee, West Virginia, Arkansas. Ku Kentucky kokha anali munthu mmodzi mwa asanu aliwonse. Chodabwitsa china n'choti mu 1980 anthu pafupifupi 50 miliyoni anati makolo awo ndi a ku England, koma pofika 2000 chiwerengerocho chinali chitatsika ndi theka. Sikuti kunagwa mliri. Anthu omwewo anangosintha dzina lodzitchulira.

M'mawa mwake tinakwera kumanda. Mwambowu amautcha Decoration, ndipo banja lililonse lili ndi tsiku lake m'nyengo yotentha. Manda ali pamwamba pa kaphiri, m'nkhalango, ndipo si a tchalitchi kapena a khonsolo, ndi a banja. Magalimoto anafika ochokera ku Ohio, ku Michigan, ku Indiana, ana ndi zidzukulu za anthu omwe anathawa ulova migodi ya malasha itayamba kutsekedwa. Amuna anatchetcha udzu ndi kudula nthambi, amayi anatsuka ziliza n'kuikapo maluwa apulasitiki owala ngati zitenje. Ine anandipatsa chikwanje, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndili kunja. Ndinkangoyembekezera kuti nyakwawa itulukire kudzawerenga omwe ajomba.

Agogo anandigwira mkono n'kundiyendetsa chiliza ndi chiliza. Awa amuna awo. Awa ana awo awiri omwe sanakule. Awa mchimwene wawo yemwe anaphedwa ndi fumbi la malasha m'mapapo. Kumtunda kunali miyala wamba yongoimikidwa, yopanda dzina, koma agogo amadziwa wagona pansi pa uliwonse, anabereka yani, anakangana ndi yani pankhani ya malire. Mwala wakale kwambiri womwe zilembo zake zimawerengeka unali ndi chaka cha 1811. Kenako mkulu wina anayambitsa nyimbo: iye amatchula mzere mofulumira, gulu lonse n'kuukoka pang'onopang'ono, popanda ng'oma kapena limba, mawu akulira ngati pasiwa. Pomaliza anayala matebulo pansi pa mitengo n'kudya pomwepo, pafupi ndi akufa awo.

Chaka cha 1811 chija chinandisowetsa mtendere. Ine ndine Mngoni wa kwa Gomani, ndipo Seputembala aliyense ndikapeza mpata ndimapita ku Nkolimbo ku Umhlangano, kukavala nthenga ndi kuponda ngoma. Koma mu 1811 Shaka anali asanalowe ufumu. Makolo athu anali asanathawe, asanawoloke Zambezi, asanatole Ansenga, Antumba ndi Achewa m'njira n'kuwasandutsa Angoni. Agogo anga aakazi anali Mchewa. Chingoni sindichidziwa, kupatula Bayethe ndi mawu awiri atatu a m'nyimbo. Ku KwaZulu-Natal sindinapondeko, ndipo ndikanati ndipite, akanandifunsa chimodzimodzi chomwe agogo aja anafunsa za Scotland. Tsono banja ili lakhala m'chigwa chimodzi nthawi yaitali kuposa yomwe Angoni takhala ku Ntcheu. Lili ndi kalankhulidwe kake komwe anthu a ku New York amakaseka, chakudya chake, nyimbo zake, manda ake, ndipo kwa mibadwo lakhala likukwatirana ndi mabanja a m'zigwa zoyandikana. Ngati ife ndife mtundu, ndinalibe chifukwa chowakanira iwowa. Ndinatsika kaphiriko yankho la amalume lili m'thumba.

Chinandibowolera thumbalo ndi msuweni wina wa alamu. Tikupakira mipando m'galimoto, anandisisita paphewa mwachikondi ndithu n'kuti, "Mwaona, bambo? Aamerika enieni ndife ano." Sanalankhule mwachipongwe. Koma mawu oti enieni ali ndi mchira, chifukwa pomwe pali enieni pali ena ongokhala nawo.

Lolemba tinapita ku Lynch, m'boma la Harlan, patsinde pa Black Mountain, phiri lalitali kuposa onse ku Kentucky. Tauniyi inamangidwa mu 1917 ndi kampani ya malasha ya U.S. Steel, ndipo pachimake inali ndi anthu pafupifupi 10,000: ochokera ku Hungary, Italy, Poland, komanso anthu akuda ambirimbiri ochokera ku Alabama. Lero sakwana ndi 1,000 omwe. Pakhomo pa mgodi wakale wa Portal 31, womwe tsopano alendo amalowamo kukaona, ndinakhala pabenchi ndi bambo wina wachikulire, wakuda ngati ine, yemwe anagwira ntchito pansi panthaka zaka 30. Atamva kalankhulidwe kanga anafunsa kwathu. Ine, monga tinazolowera, ndinalakatula zonse: mudzi, mfumu yaikulu, boma, mfunda wa bambo, mfunda wa mayi. Anakhala chete kanthawi.

"Mwana wanga, iwe ndiwe wolemera," anatero.

Iwo akatsata mzere wa makolo awo amakathera pa 1870, kalembera woyamba yemwe analemba maina a anthu omwe anali akapolo. Kuseri kwa chakacho kuli manambala okha m'mabuku a kalembera, pansi pa dzina la mwini akapolo: mwamuna, zaka zakuti, wakuda. Pafomu amalemba African American, koma anandifunsa moseka kuti Africa yake iti, poti ine ndachokera komweko mwina ndingawalozere. Kenako anawerengera pazala. Anthu oyamba ochokera ku Africa anatsitsidwa ku Virginia mu 1619. Kubweretsa akapolo kuchokera kunja kunaletsedwa mu 1808. Ndiye kuti makolo awo pafupifupi onse anali kale m'dzikomo mwala wa 1811 uja usanaimikidwe, ndiponso kale kwambiri anthu oposa 12 miliyoni asanadutse pa Ellis Island, chipata cha ku New York cholandirira obwera, chomwe chinatsegulidwa mu 1892. "Ngati pali munthu yemwe alibe kwina koloza koma kuno," anatero, "ndine." Ndinakumbuka banjo yomwe mdzukulu wina ankaimba pakhonde la agogo Loweruka usiku. Chida chimenechi chinabadwa m'manja mwa akapolo ochokera ku Africa, koma lero ukachimva umaganiza za mzungu wa m'mapiri.

Pobwerera tinaima pa Cumberland Gap, mpata wa m'mapiri pomwe Kentucky, Tennessee ndi Virginia zimakumana. Apa ndi pomwe mzungu wina, Daniel Boone, ndi anzake analambula njira mu 1775, ndipo makolo a agogo analowera pomwepa. Zikwangwani za pamalopo sizibisa kuti njirayo anaipeza ilipo kale, yopondedwa ndi njati komanso eni nthaka, Acherokee ndi Ashawnee. Achemwali anaumirira kuti tisabwerere ku Indiana tisanaone eni njirawo, choncho tinadzera ku Knoxville, n'kukwera mapiri a Great Smoky, n'kutsikira m'tauni ya Cherokee ku North Carolina. Maina a misewu kumeneko alembedwa m'Chingerezi ndi m'zilembo za Chicherokee zomwe Mcherokee wina, Sequoyah, anamaliza kupanga mu 1821. Anthu a pano ndi zidzukulu za omwe anatsala pamene asilikali anasamutsa Acherokee pafupifupi 16,000 mu 1838 kupita ku Oklahoma ya lero, ulendo womwe anthu zikwi zingapo anafera m'njira. Lamulo lopatsa unzika eni nthaka onse a m'dzikomo linadza mu 1924. Mayi wina woluka madengu nditamufunsa funso la amalume sanavutike nalo: mtundu wake ndi Cherokee, uli ndi mfumu yosankhidwa, khonsolo ndi kaundula wake. America ndi dziko lomwe mwana wake akulitumikira kuusilikali. Ndinagula kadengu kakang'ono pamtengo womwe sindidzawauza akazi anga.

M'galimoto pobwerera tinakangana mpaka ku Louisville. Alamu amati agogo awo salanda dzina la wina, amangonena zoona, kuti chingwe cha ku Ulaya chinaduka kalekale. Achemwali amati mwana wawo, wobadwira ku South Bend kwa mayi wa ku Ntcheu, lamulo la unzika la mu 1868 limamupatsa dzina lomwelo la American tsiku lobadwa, ndipo palibe msuweni angamuike pamzere wachiwiri. Ine ndinaona kuti Chichewa chathu n'chimene chimandisokoneza, chifukwa timati mtundu wa Amalawi, timatinso mtundu wa Angoni, mawu amodzi. Maganizo anga ndi awa: anthu omwe ndinatchetcha nawo kumanda aja ndi mtundu ndithu, monga ife tilili, wopangidwa ndi ulendo, kuiwala ndi manda. Koma dzina lomwe analemba pafomu ndi chitenje cha banja lonse, ndipo m'modzi akachifunda yekha ena agona pamphepo. Zili ngati Achewa atadzuka m'mawa n'kulemba kuti mtundu wawo ndi Mmalawi, potengera kuti dzinalo linachokera ku Maravi. Mbiri ingawavomereze pang'ono, koma ku Mzimba ndi ku Mangochi sangagone tulo.

Titafika ndinawaimbira amalume pa WhatsApp, pafoni ya mdzukulu wawo. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo: mapu, mwala wa 1811, bambo wa ku Lynch, mayi wa madengu. Anamvetsera osandidula, zomwe sachitachita.

"Tsono agogo akewo anati chiyani kwenikweni?"

"Anati iwo ndi anthu a m'mapiri, amalume."

"A m'mapiri? Aaa, iwe. Ndiye ndi a Phiri amenewo. Zaka zisanu ndi chimodzi osanena bwanji kuti mwana wathu anakwatiwa ndi Mchewa? Tawapatsa foni a Phiriwo ndiwalonjere."