Momwe ndinasamukira ku yunivesite nditatha kusewera softball pa koleji ya zaka ziwiri

Ndinasewera softball, masewero omenya mpira ndi ndodo ofanana ndi baseball, pa koleji ina yaing'ono ya m'chigawo cha Kansas ku America, imodzi mwa makoleji a zaka ziwiri omwe masewero awo amayang'aniridwa ndi bungwe la NJCAA. Ndinali catcher, ndiye kuti amene amanyonyomala kumbuyo kwa womenya n'kumawakha mpira wachikasu uja umene woponya amauzunguza ndi mkono kuchokera m'munsi ali pa mtunda wa mafiti 43. Bungweli limalola munthu kusewera nyengo ziwiri zokha, choncho nditangoyamba chaka chachiwiri ndinadziwa kuti pofika Meyi ndiyenera kukhala nditapeza kolowera, apo ayi gulovu yanga ikalowa m'kabati.

Mu Seputembala aphunzitsi a timu anandiitana ku ofesi yawo. Ndinapita nditanyamula chikwama cha zida, ndikuganiza kuti tikakamba za kaponyedwe kanga, koma iwo anati, "Zidazo usiye pakhomo, ubwere ndi pepala la maphunziro ako." Tinakhala pansi pamodzi ndi mlangizi wa ophunzira n'kuyamba kuwerenga makirediti (mapointi amene munthu amapeza akakhoza phunziro) limodzi ndi limodzi. Digiri ya zaka ziwiri imafuna makirediti pafupifupi 60, ndipo ine ndinkadziona ngati ndili pakati penipeni pa ulendo, kufikira mlangiziyo atalemba mzere pansi pa phunziro la masamu limene ndinatenga semesita yoyamba. Linali la masamu okonzekeretsa, amene amapatsidwa kwa ofooka asanayambe masamu enieni a ku koleji, ndipo yunivesite siliwerengera. Ndinalikhoza bwino, ndinalilipirira, koma pa nkhani yosamuka linali ngati sindinalowemo m'kalasi.

Tsiku lomwelo ndinamvanso za malire a GPA, yomwe ndi avareji ya magiredi a wophunzira. NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite, limaika mayunivesite m'magawo: wosamukira ku yunivesite za gawo loyamba ankafunika 2.5, pamene wa gawo lachiwiri ankafunika 2.2, ndipo yanga inali pakati pa ziwirizi. Pa nthawiyo gawo loyamba linalinso ndi lamulo lakuti zaka zisanu zosewerera zimayamba kuwerengedwa tsiku limene munthu walembetsa koyamba ngati wophunzira wa nthawi zonse pa koleji iliyonse, kaya wasewera kaya ayi. Ndinkalota za Oklahoma City, kumene kumachitikira mpikisano waukulu wa softball ya atsikana a m'mayunivesite, koma nditayang'ana mapepalawo ndinasankha kulunjika gawo lachiwiri, ndipo mpaka lero ndikuona kuti sindinalakwitse.

Kulembetsa ku NCAA Eligibility Center, ofesi yoona ngati munthu ali woyenera kusewera, kunangonditengera madzulo amodzi pa kompyuta. Chovuta chinali vidiyo. Aphunzitsi a mayunivesite akamafuna catcher amayang'ana masekondi amene amadutsa kuchokera pamene mpira wagunda gulovu mpaka pamene catcher wauponya n'kufika pa base yachiwiri (amodzi mwa malo anayi amene womenya amathamangira), kotero mnzanga wina anaima ndi foni, aphunzitsi atagwira wotchi, ine ndikuponya mobwerezabwereza m'mphepo yozizira mpaka phewa litachita dzanzi. Vidiyoyo ndinaitumiza pa imelo kwa aphunzitsi ambiri, pamodzi ndi GPA yanga ndi ndandanda wa masewero athu. Ambiri sanayankhe, atatu anayankha, ndipo funso loyamba la onse atatu linali lakuti digiri ndimaliza liti.

Nyengo ya masewero inayamba mu Febuluwale, ndipo masamu enieni aja ndinawatenga semesita yomweyo. Nthawi zambiri tinkasewera magemu awiri motsatizana pa tsiku limodzi, iliyonse ya ma inning (zigawo za gemu) 7, kenaka n'kukwera basi usiku. Anzanga akagona ine ndinkayatsa kanyale ka pamwamba pa mpando, buku lili pa ntchafu, mawondo nditawakulunga ayezi, zala zakumanzere zitatupa chifukwa chowakha mpira tsiku lonse. Ndinakhoza, ngakhale movutikira.

Nditamaliza maphunziro ndinaganiza kuti zonse zatheka, koma yunivesite imene inandifuna inandiimbira kuti chikalata cha zotsatira zanga sichinafike. Nditafufuza ndinapeza kuti ofesi ya pa koleji inachitsekera chifukwa cha ngongole yaing'ono ya chindapusa choimika galimoto pamalo osayenera, imene palibe anandiuzapo. Ndinalipira tsiku lomwelo, koma ndinadikira masabata awiri mtima uli m'mwamba, poopa kuti malo anga apatsidwa kwa wina.

Sikolashipi imene ndinapatsidwa sinali yathunthu. Pa nthawiyo timu ya softball ya gawo lachiwiri inkaloledwa ndalama zokwana masikolashipi 7.2 okha, zimene aphunzitsi amazigawagawa kwa osewera pafupifupi makumi awiri, choncho chotsalacho ndinachikwaniritsa podzaza fomu ya FAFSA yopemphera thandizo la ndalama za maphunziro ku boma ndi kugwira ganyu m'nyumba yochitira masewero olimbitsa thupi. Makirediti ena ochepa anakanidwanso kumeneko, zimene zinandiwonjezera semesita imodzi nditasiya kale kusewera.

Gemu yanga yomaliza inatha masana ena a Loweruka, ndipo Lolemba lake ndinadzuka 5 koloko m'mawa monga mwa chizolowezi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi osadziwa kopita. Malo osewera softball yolipidwa ndi ochepa kwambiri, ndipo sindinadzinamize kuti ndingapezeko danga. Ndinamaliza digiri ya uphunzitsi, ndipo tsopano ndimaphunzitsa masewero olimbitsa thupi pa sukulu ina ya sekondale, kumenenso ndimathandiza timu ya atsikana. Sabata yatha mtsikana wina amene akupita ku koleji ya zaka ziwiri anabwera kudzandifunsa za gulovu yabwino ya catcher. Ndinamubwereka yanga yakale ija, kenaka tinakhala pansi n'kuyang'ana kalasi ya masamu imene amulembera semesita yoyamba.