Kuphunzira kuyankha mafunso a loya ndili ndekha

Kalata inafika yonena tsiku, ola ndi malo amene loya wa kampani yomwe ndinkagwirako ntchito adzandifunsire mafunso nditalumbira. Kuno ku America zimenezi amati deposition. Kampaniyo ndinaisumira kukhoti la federal, lomwe ndi la boma la dziko lonse, pa nkhani ya maola owonjezera, poti lamulo la Fair Labor Standards Act la 1938 limati wantchito ngati ine akapitirira maola 40 pa sabata, ola lililonse lapamwambapo alipidwe ngati ola limodzi ndi theka. Ndalama zolipira loya ndinalibe, choncho pamapepala onse dzina langa limatsagana ndi mawu oti pro se, kutanthauza munthu wodziimirira yekha.

Kwa masabata atatu ndinkati ndikaweruka kuntchito, molunjika ku laibulale kukawerenga Rule 30 ya Federal Rules of Civil Procedure, gawo lonena za deposition m'malamulo oyendetsera milandu yosumirana m'makhoti a federal. Choyamba kundidabwitsa chinali choti woweruza sakhalapo. Mumakhala m'chipinda cha misonkhano ndi loya wa mbali inayo komanso court reporter, amene amakulumbiritsani n'kulemba liwu lililonse lotuluka pakamwa panu. Malire ake ndi tsiku limodzi la maola 7, pokhapokha khoti litalamula zina kapena mbali zonse zitagwirizana. Funso likakhala lolakwika mukhoza kunena kuti mukulitsutsa, zimenezo zilembedwa, koma nthawi zambiri muyenera kuyankhabe. Ndinalembanso m'kope langa ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndipemphe, mafunso asanathe, mwayi wodzawerenga zolembedwazo, chifukwa ukapempha umapatsidwa masiku 30 okonza zolakwika ndi kufotokoza chifukwa chake.

Malamulowo sanandivute kwenikweni. Chinandivuta ndi mmene ndinaleredwera. Kwathu munthu wamkulu akamayankhula umavomereza kuti "inde, inde" posonyeza kuti ukumva, ngakhale usanagwirizane nazo. M'chipinda chija "inde" ameneyo amalembedwa ngati umboni wolumbirira, ndipo loya akhoza kudzauwerenga pamaso pa woweruza patapita miyezi. Komanso ife nkhani timaiyambira patali, timanena za mvula ya tsikulo ndi amene tinakumana nawo panjira. Uko chilichonse chowonjezera chimabala mafunso ena. Sindikuona kuti ulemu wathuwo ndi wolakwika, ndimaukonda, koma loyayo sabwera kudzamvetsa mavuto anga. Amabwera kudzafunafuna mawu othandiza amene amulemba ntchito.

Mlongo wanga ndi amene anandiyeserera. Madzulo aliwonse ankatenga mapepala anga a malipiro n'kumandifunsa mouma mtima.

"Achimwene, ndakufunsani tsiku lokha. Za abwana zalowa bwanji?"

Ndinaphunzira kudikira funso lithe, kupuma kaye, kenako kuyankha chokhacho chafunsidwa. Mawu oti "sindikukumbukira" ankandichititsa manyazi ngati ndikubisa kanthu, mpaka ndinazindikira kuti kungoganizira tsiku kapena chiwerengero cha maola utalumbira ndiye koopsa.

Tsikulo linafika. Cha m'ma 11 koloko loya anandifunsa funso lalitali lokhala ndi mafunso awiri mkati mwake, akumwetulira. Mutu wanga unayamba kale kugwedera wokha. Ndinaugwira mtima, n'kunena kuti sindinamve bwino, andifunse limodzilimodzi. Anatero, ndipo loyambalo ndinayankha kuti inde, lachiwirilo ayi.