Loweruka: mnofu wa ng'ombe wowotcha mu uvuni

Chakudya chamadzulo ano ndinachiyamba m'mawa ndithu. Ndinali ndi mnofu wa ng'ombe wa cha kumimba, wotambalala, wa mizere yooneka bwino, nyama yokoma koma yotopetsa nsagwada ikapanda kusamalidwa. Ndinasakaniza mafuta ophikira, madzi a mandimu, sosi wa soya, adyo wosinja, tsabola wakuda ndi kashuga pang'ono, n'kuviikamo nyamayo m'mbale yagalasi. Poto wa aluminiyamu sayenera ntchito imeneyi, chifukwa asidi wa mandimu amadya chitsulocho ndipo nyama imatenga kakomedwe kachilendo. Ndinavindikira n'kuika mufiriji, poti nyama yaiwisi imafuna kuzizira kosapitirira madigiri 5.

Masana anathera pa zochapa ndi kukolopa. Alamu anga anaimba foni kuti adutsa madzulo, ine n'kuti bwerani tidzadyere limodzi.

Ambiri amakhulupirira kuti msuzi woviikirawu umalowa mpaka m'kati n'kufewetsa nyama yonse. Ine ndimakana. Umangolowa mamilimita ochepa, mchere wokha ndi umene umayenda patali. Mukaisiyamo masiku, asidi amangophwanya kunja kukhala ngati phala, m'kati muli gwa. Ntchito ya msuziwo ndi kukometsa basi. Chofewetsa ndi moto wachangu ndi mpeni.

Dzuwa litapendeka ndinaitulutsa n'kuipukuta ndi mapepala mpaka kuuma. Alamu, amene anali atafika, anadabwa: "Mukuchotsanso zokometsera zomwe mwavutika nazo?" Ndinawauza kuti madzi sapitirira madigiri 100 akamawira, pamene kufiira kwa kunja kuja, konunkhira nyumba yonse, kumayamba bwino cha pa madigiri 140. Nyama yonyowa imangobwata m'nthunzi yake, n'kutuluka yotuwa. Zimenezi anazifotokoza katswiri wina wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912, ndipo mpaka lero kufiirako kumatchedwa ndi dzina lake.

Ndinayatsa moto wa pamwamba wokha mu uvuni, uja umafika cha pa madigiri 260, n'kudikira kuti utenthe kwenikweni. Waya wowotcherapo ndinauika masentimita 10 kuchokera pamotowo. Apa munthu suchoka pakhomo la uvuni, chifukwa shuga sachedwa kupserera. Mphindi zisanu mbali ino, kutembenuza, zisanunso mbali inayo. Kachipangizo koyezera kutentha nditakalowetsa pakati kanaonetsa 58, ndipo ndinaiphula pomwepo, poti kutentha kumakwerabe nyama ili pathabwa. Unduna wa zaulimi wa ku America, USDA, umalangiza madigiri 63 ndi kuipumitsa mphindi zitatu pa mnofu wathunthu, koma 71 pa nyama yogaya, chifukwa majeremusi a kunja amakhala atasakanikira m'kati.

Nyama ikupuma, ndinawiritsa msuzi wotsala uja mpaka kubwata bwino. Unakhudzana ndi nyama yaiwisi, sungathiridwe pambale chomwecho.

Kenako mpeni. Ndinayang'ana kumene mizere ikulowera n'kudula mopingasa, tizidutswa topyapyala, mpeni utapendekeka. Mukadula motsatira mizere, mano ndi amene amagwira ntchito imene mpeni ukanagwira. Kaphikidwe kameneka ku America amakatcha London broil, ngakhale kuti sikanachokere ku London.

Alamu ataona kufiirira kwa m'kati anaimika foloko. "Alamu, koma yapsa imeneyi? Si magazi awa?" Ndinawauza kuti magazi amakhetsedwa pophera, madzi ofiirawo ndi a m'minofu momwe. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma nkhope inkakana. Sindinalimbane nawo, mlendo sakakamizidwa. Ndinabweza zidutswa zawo pamoto mphindi imodzi, zinatuluka zotuwa monga amakondera, ndipo anapempha zoonjezera. Zanga ndinadya zofiirira zomwezo.

Thireyi yogwera mafuta ndaiviika m'madzi a sopo. Shuga wopsererayo sangachoke usiku uno, ndidzakwecha mawa.