Chitseko cha Corolla pa khola langa

Popeza anzanga a pa bawo ayamba kale kundiitana kuti akondakitala, ndipo ena akufalitsa zoti ndinagona m'khola usiku wonse, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha. Sindinagonemo. Ndinakhalamo maola awiri okha, ndipo chimene ndinalowera chinali ntchito yolemekezeka yopereka katemera wa chitopa.

Kholalo ndinamanga ndi manja angawa osagula chinthu chatsopano, kupatula misomali yochepa, chifukwa yakale imene ndinkawongola ndi mwala inanditha zala. Matabwa anali zotsala za mapaleti, ndipo ndinawapaka oyilo wakuda wa ku galaja kuti chiswe chisawadye. Denga linali malata atatu amene mphepo inasasula pa bafa lathu, pamene waya ndinamasula pa bedi lakale. Ndinalikweza pa nsanamira zinayi kuti agalu ndi nyenga zisafikire, komanso kuti zitosi zizigwera pansi tizikathira m'dimba la mpiru. Chinasowa ndi chitseko, ndipo ndinakachipeza mumsika wa Ndirande, kumene munthu woleza mtima akhoza kugula galimoto yonse m'zidutswa: chitseko chakumbuyo cha Toyota Corolla, chofiira, cha galasi lake lathunthu. Wogulitsa ananditsitsira mtengo chifukwa chinalibe zotsegulira mkati ndi kunja komwe, ndipo ine sindinaone vuto, popeza nkhuku sizitsegula zitseko. Kunja kwake ndinaikako mpiringidzo wa chitsulo cha njinga, wogwa wokha chitseko chikangotsekeka, chifukwa ana amaiwala kutseka. Mpaka lero ndikunenabe kuti nzeru imeneyo inali yabwino.

Linali Loweruka m'mawa mu Okutobala, nyengo imene chitopa chimapulula makola a anthu. Ndinali ndi nkhuku 12, zachikuda 9 ndi za Mikolongwe zitatu zakuda bii. Katemera wa I-2 amangofuna dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, koma sagwirizana ndi kutentha, choncho ndinakulunga kabotolo m'kansalu konyowa n'kukwawira mkati zisanatuluke. Poopa kuti zingandithawe, ndinakoka chitseko ndi dzanja langa lomwe. Ndinamva kuti khwe! Mpiringidzo unagwira ntchito yake monga ndinaukonzera.

Mayi a Chisomo anali atapita ku chigayo kukatenga madeya, ndipo ana anali ku mpira. Kholalo kutalika kwake ndi mita imodzi, motero ndinanjuta, mutu utagunda malata amene anayamba kutentha ngati chiwaya cha chipisi, utitiri ukukwera m'miyendo mwa ndawala. Ndinatemera nkhuku 11 kuti nthawi isapite pachabe. Tambala yekha anakana, ndipo anaima pa ndodo yake akundiyang'ana ndi diso limodzi, kenako n'kutembenuka kuti andione bwino ndi linalo.

Apa m'pamene ndinamva "Odi!" pa chipata, ndipo mawuwo ndinawazindikira. Anali apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, atachokera ku Thyolo ndi dengu la nthochi pamutu. Ndinaganiza zongokhala chete mpaka atatopa, koma pa odi wachitatu tambala anandijompha pakhosi, ndipo ndinayankha mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

Chogwirira chotsitsira galasi chinalipo, ndipo chinali chinthu chokhacho chamoyo pa chitseko chonsecho. Ndinayamba kupukusa. Kwii. Apongozi anatula dengu. Kwii. Anakonza chitenje chawo. Kwii. Galasi linatsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati la bwana amene waimitsidwa pa rodibuloko, ndipo litafika pa mlingo wa chikhatho chimodzi linakana kupitirira, kotero kuti kunja kunkaoneka maso anga, mphuno, ndi nthenga imodzi imene inandimatirira pamphumi. Mkono sukanafika pa mpiringidzo, chifukwa ndinauika m'munsi kuti ana azifikira.

Iwo anagwada chapatali monga mwa mwambo, nawomba m'manja.

"Muli bwanji apongozi?"

"Tili bwino amayi, kaya inu mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino. Kaya ana?"

Anafunsa za ana mmodzimmodzi, za ntchito, za msana wanga umene unkavuta chaka chatha, ndipo ndinayankha kuti msanawo uli bwino kwambiri, uku nditapindika ngati chikwakwa. Anandifotokozera za maliro awiri a kumudzi, za mtengo wa feteleza ndi za mbuzi imene inalowa m'munda wa amfumu. Sanafunse chimene ndinkachita m'kholamo, ndipo ine sindinawapemphe kuti anditsegulire, chifukwa mkamwini woleredwa bwino satuma apongozi ake ntchito asanamwe n'komwe madzi. Amene akundiseka anene chimene akanachita iwowo. Mkati mwa nkhani ya mbuzi ija, thadzi lina linaikira dzira pafupi ndi bondo langa n'kuyamba kutetera, ndipo apongozi anadikira mwaulemu kuti limalize asanapitirize.

Ana atabwera ku mpira ndi anzawo, palibe amene anaganiza za mpiringidzo. Mmodzi anamenya chitseko ndi chikhatho n'kukuwa kuti, "Limbe! Limbe! Mmodzi watsala!" ndipo dzina lija linachokera pamenepo, ngakhale kuti kondakitala weniweni amakhala ndi njira yotulukira. Mayi a Chisomo atafika anayamba akhala pa thumba la madeya kuti aseke mokwanira, kenako n'kukweza chitsulocho ndi chala chimodzi.

Madzulo ake tinayenera kuphera mlendo nkhuku, ndipo ine ndinapereka dzina la tambala, koma mayi a Chisomo anati nyama yake ndi yolimba, nagwira msoti wanga wa Mikolongwe umene unali pafupi kuyamba kuikira. Pa mpiringidzo paja ndamangirirapo chingwe cholowa mkati. Tambalayo sanalandirebe katemera.