Kuwedza m'chipale ku mtsinje wa Fryingpan

Alamu anga atandiuza kuti Loweruka tipita kukawedza, ndinasuzumira pawindo n'kuseka. Unali mwezi wa Januwale, kunja kuli mbee, chipale chofewa chitakwirira magalimoto onse a mumsewu wa kwawo ku Aurora, pafupi ndi Denver, m'chigawo cha Colorado ku America.

"Alamu, nsomba zake ziti? Za mufiriji?"

"Inu tiyeni mukaone nokha. Koma nzeru zanu za ku Bua zija muzisiye pakhomo pano."

Mawuwo anandilasa pang'ono. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndinayamba kugwira mbedza ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndipo mpasa wa mu Bua ndinaudya wogwira ndekha. Ndiye munthu wa ku Dedza andiphunzitse kuwedza?

Tinagula ziphaso pa intaneti usiku, n'kunyamuka 5 koloko m'mawa kudzera msewu wa I-70. Pa ngalande ya Eisenhower, pomwe msewu umaboola phiri, galimoto imadutsa pamtunda wa mamita 3,400, kutanthauza kuti tinali pamwamba kuposa Sapitwa wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, koma titangokhala pampando tikumwa tiyi wa mufulasiki. Makutu anatseka. Tinatsetsereka mpaka ku Glenwood Springs, n'kukhotera ku Basalt, katawuni komwe Fryingpan amathira mu Roaring Fork.

Funso langa la mufiriji linayankhidwa titangoyamba kukwera chigwacho. Matanthwe ofiira ngati dothi la katondo, mitengo italemedwa ndi chipale, koma mtsinje ukuyenda, penapake ukufuka nthunzi. Chinsinsi chake ndi damu la Ruedi, lomwe linamalizidwa mu 1968, makilomita pafupifupi 22 kumtunda kwa Basalt. Madzi amatulukira pansi pa damulo, ndipo madzi a pansi penipeni sazizira kufika poundana, amakhala cha m'madigiri 4. Kwa ife ndi ayezi, koma kwa nsomba ya trout ndi nyumba yabwino chaka chonse.

Nkhani yeniyeni inayambira m'sitolo ya zowedzera ku Basalt. Pa mtsinjewu nyongolotsi saloleza. Nyambo yake ndi yochita kumanga ndi ulusi, nthenga ndi ubweya pa mbedza, kuti ifanane ndi tizilombo timene nsomba ikudya tsiku limenelo. Ine ndinaloza yaikulu yakuda, yotchedwa Woolly Bugger, yotalika ngati chala. Nsomba yaikulu, nyambo yaikulu, si mmene tinaphunzirira? Wogulitsayo anangomwetulira, n'kundiika m'dzanja kanthu kamene ndinayesa kachitsotso. Inali mbedza ya nambala 22. Manambala awo amayenda chobwerera: nambala ikakula, mbedza ikuchepa.

Anandifotokozera kuti m'chisanu ziwala kulibe, tizilombo tikulutikulu sitituluka, chotsala ndi touluka ting'onoting'ono tonga udzudzu koma tosaluma, timene mphutsi zake zimakhala m'matope ndi pa miyala ya pansi. Atangonena zimenezo ndinakumbukira nkhungu, uja amatuluka pa nyanja yathu ngati utsi wa moto wolusa, anthu n'kumamugwira ndi malichero. Ndi mtundu woyandikana. Tinatenga Zebra Midge, yomwe ndi ulusi wakuda wozengedwa ndi kawaya koyera basi, kuyerekeza mphutsi. Tinatenganso RS2 yotuwa, imene anaitulukira msodzi wa ku Colorado konko, Rim Chung, kuyerekeza kachilombo kamene kakukwera kuti kaulukire pamwamba. Kenako Griffith's Gnat, yoyandama, yooneka ngati tizilombo tangapo tatagwirana. Pomaliza kanthu koyera mbuu kotchedwa Mysis. Aka n'kofanizira tinkhanu tating'ono timene tinaikidwa m'damu la Ruedi kuti tikhale chakudya cha nsomba. Timakokoloka ndi madzi otuluka, ndipo trout za pafupi ndi khoma la damu zimanenepa nato mpaka kusowa khosi. Mukatsika pang'ono kumunsi, kameneka sikagwiranso ntchito.

Woolly Bugger ija ndinagulabe. Mwamakani.

Tinalowa m'madzi cha m'ma 10 koloko, titavala mabuluku a mphira ofika pachifuwa. Galimoto inali itaonetsa madigiri 12 pansi pa ziro. Zimene palibe anandiuza ndi zakuti timphete ta pa ndodo, momwe chingwe chimadutsa, timaundana. Ukaponya kasanu, chingwe chagwira, uyambe kuswa ayezi ndi chikhadabo. Alamu anapakapo mafuta a pamilomo, zinathandizako kwa kanthawi. Nanga kumanga mbedza ya nambala 22 pa ulusi wa 6X, woonda ngati tsitsi, zala zitauma gwa! Ndinagwetsa ziwiri m'madzi ndisanamange ndi imodzi yomwe, n'chifukwa chake ndinabwerera ku yaikulu yanga ija, n'kumaikoka m'madzi othamanga kwa maola awiri. Ngakhale kunyambita.

Alamu anali atagwira zitatu. Iwo sanayende. Anaima pa dziwe limodzi lakuya, loyenda pang'onopang'ono, ataika kamtovu kuti nyambo zifike pansi ndi kampira koyandama pamwamba.

"Nsomba ya m'chisanu ndi yaulesi, alamu. Sithamangitsa chakudya. Muiperekere pakamwa, ndipo nyambo iziyenda ndi madzi ngati ilibe chingwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anandiletsanso kuponda pa timiyala toyera tosesedwa m'madzi osaya. Trout zofiirira zimaikira mazira pamenepo cha mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mazirawo amakhala momwemo chisanu chonse.

Dzuwa litalowa m'chigwa cha kumasana, zinthu zinasintha mwadzidzidzi. Pa chipale cha m'mbali mwa mtsinje panadzaza timadontho takuda toyenda, ngati wina wawaza mwaye. Kumapeto kwa dziwe madzi anayamba kuchita timizere tozungulira, mphuno za nsomba zikutuluka mwaulemu, popanda phokoso. Alamu anasintha n'kuika Griffith's Gnat. Ine anandimangira RS2 pansi pa Zebra Midge, manyazi nditawaika m'thumba.

Kampira kaja sikanamire, kanangoima kaye. Ndinakoka ngati ndikulimbana ndi kampango, ulusi n'kuduka thi! Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu ndinangodzutsa ndodo pang'ono, ndipo inagwira. Inali trout ya mzere wofiira m'nthiti, yotalika ngati kuchokera pa chigongono kufika kunsonga ya zala, kambedza kakang'ono kaja katakola pa ngodya ya mlomo. Mpaka lero sindimvetsa kuti inakaona bwanji.

Apa ndiye panavuta. Ndinaiyang'ana ili mu ukonde, m'mutu ndikuwerenga: ndiwo ya anthu anayi, ndi tomato ndi anyezi. Koma pa Fryingpan ya mtundu umenewu lamulo limati ibwezedwe.

"Musaitulutse m'madzi, makha ake aundana ndi mphepoyi. Vulani golovesi, nyowetsani dzanja."

Ndinatero. Inakhala kaye m'dzanja langa ikupuma, kenako phuthu, yapita. Agogo akanandiona akanati mwana wapenga kwa Azungu. Chodabwitsa n'chakuti trout zimenezi kwathu ziliko, zinabwera nthawi ya atsamunda: mu Mulunguzi pa phiri la Zomba, ndi m'madamu a ku Chelinda ku Nyika. Ndinkazimva ngati zinthu za alendo, sindinapiteko ndi mbedza ngakhale kamodzi.

Itakwana 3 koloko dzuwa linabisala kuseri kwa phiri, tizilombo tinazimiririka, madzi anangoti zii ngati mulibe kanthu. Buluku langa linauma ngati lata ndisanafike pagalimoto. Pa mtengo wouma tsidya lina panali chiwombankhanga cha mutu woyera, chofanana kwambiri ndi nkhwazi yathu, chikutiyang'ana tikuchoka chimanjamanja.

Tinafika ku Aurora usiku. Achemwali anatsegula chitseko, kuyang'ana manja anga, kuyang'ana manja a amuna awo.

"Achimwene, makilomita onsewo, ndiwo zili kuti?"

Ndinawaonetsa chithunzi pafoni. Sanayankhe. Analowa kukhitchini n'kutsegula paketi ya usipa wouma womwe ndinawabweretsera kuchokera ku Nkhotakota.