Geni yathu ya maluwa ku Durban ndi masiku a Diwali

Ine ndi mkazi wanga timagulitsa maluwa a marigold, nkhata zake, masamba a nthochi ndi tinyali tadothi tija amwenye amati diya. Kwathu ndi ku Mangochi koma kuno ku Joni ndinabwera kalekale, ndinayamba ndi ganyu yosamala pabwalo panyumba ya banja lina la amwenye ku Chatsworth, dera lina la kuno ku Durban. Gogo wapanyumbapo ndi amene anandipatsa mbewu yoyamba ya marigold ndi kandimba kakang'ono kuseri kwa nyumba, akuti dzala, pofika Deepavali (chikondwerero cha nyali cha Ahindu, chomwe ena amati Diwali) anthu adzakusaka okha. Ndipo anandisakadi.

Chaka cha 2018 ndi chimene tinati tilowe mu geniyi ndi miyendo yonse. Tinabwereka ndalama, tinalipira bakkie, maoda tinalemba ambiri ndithu. Pa kalendala yomwe ndinali nayo panalembedwa Diwali 7 November, ndiye ine ndinathyola maluwa madzulo a pa 6, usiku onse tikutunga nkhata ndi mayi akunyumba zala mpaka kutupa. Kutacha ndikufika pa geti loyamba anti aja akundiyang'ana modandaula, akuti mwana wanga ife zathu zinali dzulo mmamawa, tinakudikira mpaka tinakagula kwina. Geti lachiwiri chimodzimodzi. Theka la maoda linali la mabanja achi Tamil, ndipo marigold wotunga kale sadikira munthu, ndi kutentha kwa Durban kuja pofika mawa lake anali atafota. Ngongole ija tinabweza mpaka chaka chinacho, zinatipweteka zedi.

Ndinabwerera kwa gogo uja kukafunsa kuti kodi chikondwerero chimodzi masiku awiri zimatheka bwanji. Anatulutsa kabuku kawo kamasiku, iwo amati panchangam, ena amangoti panchang, nkundikhazika pansi. Amwenye a kuno sanachokere dera limodzi. Sitima yoyamba kuwabweretsa, Truro, inafika mu 1860 kuchokera ku Madras kummwera kwa India, ina Belvedere inachokera ku Calcutta, kenako kunabwera amalonda achi Gujarati. A kummwera, monga achi Tamil aja, amakumbukira tsiku lomwe mulungu wawo Krishna anagonjetsa chiwanda chotchedwa Narakasura, amadzuka kusanache nkudzola mafuta, kusamba, kuvala zatsopano. A kumpoto chachikulu ndi madzulo a tsiku lomwe mwezi uli kumdima, amavasya, amapembedza Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, ndi kuyatsa nyali pokumbukira kubwerera kwa mulungu wawo Rama kwawo ku mzinda wa Ayodhya. Zaka zina ziwirizi zimagwera deti limodzi, zaka zina zimatsatana ngati 2018 ija.

Chomwe chinandivuta kumva ndi tithi. Tsiku lawo la mwezi silitsata wotchi ayi, limatha mwezi ukatalikirana ndi dzuwa ndi madigiri 12 ena, ndiye lina limakhala maola pafupifupi 20 lina kupitirira 26, likhoza kuyamba 3 koloko masana nkutha mawa lake madzulo. Apa ndi pomwe ansembe amasiyana, ena amati tiwerengere tithi yomwe ilipo dzuwa likamatuluka, ena amati ayi mwambowu ndi wamadzulo ndiye tione madzulo ake ndi ati. Mu 2024 ku India komweko anakangana kwambiri, 31 October kapena 1 November, chifukwa amavasya inakhudza madzulo onse awiri. Onjezanipo kuti India ili patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka, ndiye deti lomwe m'bale watumiza pa WhatsApp kuchokera ku Mumbai silingakhale lolondola nthawi zonse kwa munthu wa ku Phoenix kuno ku Durban. Ine sizinandidabwitse kwenikweni nditamvetsa, kwathu ku Mangochi ndinakula ndikuona anansi achisilamu akudikira kuti mwezi uoneke kaye asanadziwe tsiku la Eid.

Si Diwali yokha. Kubadwa kwa Krishna, Janmashtami, mu 2023 ena anachita pa 6 September pomwe a gulu la Hare Krishna anachita pa 7, ndipo kachisi wawo wamkulu ali konkuno ku Chatsworth ndiye kwa ife amenewo ndi maoda amasiku awiri. Chaka chomwecho kunalinso mwezi wowonjezera, adhik maas, umene amaikapo pakatha zaka pafupifupi zitatu poti chaka cha mwezi chimaperewera masiku 11. Zimenezi zimakankhira zikondwerero kutsogolo, nchifukwa chake Diwali ya 2023 inafika mpaka pa 12 November. Kwa wolima zimenezi ndi nkhani yaikulu, marigold amafuna miyezi iwiri kapena kuposerapo kuti achite maluwa, ukafesa motengera deti la chaka chatha walemba mmadzi.

Pano tili ndi kope lathu lakuda. Kasitomala aliyense watsopano mkazi wanga amamufunsa mwaulemu, anti kwanu mumatsata kachisi uti, mwambo ndi wammawa kapena wamadzulo, nkulemba pambali pa nambala yake. Chaka chikamayamba ndimakatenga makalendala awiri, la chi Tamil ndi la chi Hindi la a kumpoto aja, ndipo timafesa magawo atatu motalikiranitsa sabata imodzi imodzi. Anyamata awiri akumudzi tawalemba ntchito yotunga nkhata. Gogo uja anatisiya, koma ana ake amaodabe kwa ife, ndipo nkhata zawo ndimakapereka ndekha 4 koloko mbandakucha asanayambe kudzola mafuta.