Filimu imene inasintha vidiyo yathu pa Chinkhoma

Vidiyo yathu inayamba mu 2014 ndi ndalama za fodya. Nditagulitsa mabelo anga pa okushoni ya Chinkhoma, ndinagula TV, masipika awiri ndi kajenereta kakale. Mabenchi tinakhoma tokha ndi alamu anga. Mayi a kunyumba anaika beseni la mandasi pakhomo, tsono aliyense wolowa ankadutsa kaye pa iwo.

Bizinesi imeneyi imayenda ndi fodya. Msika ukatsegulidwa mu Epulo, nyumba imadzaza mpaka ena kuima m'mbali mwa khoma. Mpira wa ku England ndiwo umabweretsa ndalama zambiri, kenako mafilimu a karate ndi a ku Nigeria. Koma Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, munthu sangapereke K100 kuti aonere kanema pamene ana sanadye. Miyezi imeneyo ndimakhala ndikuwerenga mabenchi opanda anthu.

Febuluwale wina ndinalephera kulipira dikoda. Mvula ikugwa, anyamata ochepa atabisala m'nyumbamo, ndinaika filimu ya nkhondo yomwe inali pa fulashi, yotchedwa Rescue Dawn. Anyamatawo ankayembekezera mfuti ndi mabomba. Ndege itangogwa, zinangokhala za anthu owonda ali m'khola lansungwi, akulankhula Chingerezi chonong'ona. Awiri ananyamuka. Ndinatsitsa mawu a filimu n'kutenga maikolofoni, n'kuyamba kufotokoza m'Chichewa zomwe ndinkamva. Amene anafika pakhomo aja anabwerera kudzakhala.

Usiku womwewo ndinawerenga nkhani yake pafoni, ndipo ndinapeza kuti munthuyo analipodi. Dieter Dengler anabadwira ku Germany mu 1938, anasamukira ku America chifukwa chofunitsitsa kuyendetsa ndege, ndipo pa 1 Febuluwale 1966 ndege yake anaigwetsa ku Laos, nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Asilikali a Pathet Lao, gulu lachikomyunizimu la ku Laos, anamutsekera pamodzi ndi akaidi ena asanu ndi mmodzi. Usiku ankawapanikiza miyendo m'matabwa ndi kuwamanga unyolo m'manja. Akaidiwo anaphunzira kumasula unyolowo, ndipo ankabisa timpunga pang'onopang'ono podikira mvula, chifukwa kuthawa m'chilimwe kukanawapha ndi ludzu. Anathawa kumapeto kwa Juni. Dengler anatha masiku 23 m'nkhalango mpaka woyendetsa ndege wina wa ku America anamuona, ndipo anapulumutsidwa.

Mawa lake ndinaonetsanso, tsopano ndikudziwa chomwe ndikunena. Ndipamene ndinaona chinthu chomwe mafilimu a karate sanachitepo m'nyumba mwanga: anthu anakhala chete. Pamene akaidi ankadya mphutsi palibe anaseka. Bambo wina wa pabenchi lakutsogolo anangoti, "Achimwene, ife mu 2002 tinadya mizu ya nthochi." Aliyense wa kuno ku Kasungu amene anali wamkulu chaka chimenecho akudziwa mmene njala ija inatisautsira, madeya akusanduka chakudya cha mwayi. Anthu sankaonera mzungu wa kutali. Ankaona thupi likutha monga mmene anaonera matupi a abale awo.

Malo amene amagwira anthu mtima kwambiri ndi a nsapato. Dengler ndi mnzake Duane Martin anatola soli ya nsapato imodzi yokha, ndipo ankasinthana kumangirira ku phazi lomwe lapweteka kwambiri. Ndikafika pamenepo ndimasiya kulankhula, chifukwa palibe choti ndionjezere. Martin sanafike kwawo. Anaphedwa ndi chikwanje pafupi ndi mudzi wina. Mwa akaidi asanu ndi awiri aja, odziwika kuti anapulumuka ndi Dengler ndi mmodzi wa ku Thailand basi. Zimenezi ndimawauza anthu filimu ikatha, kuti asatuluke akuganiza kuti aliyense wothawa amafika.

Agogo ena, amene ankati vidiyo imaononga ana, anabwera atamva nkhaniyi. Atatha kuonera anandigwira dzanja n'kundiuza kuti bambo awo anali msilikali wa KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ndipo anakamenya nkhondo ku Burma. Anati bambowo sankakonda kunena za mfuti, koma ankanena za mvula yosakata ndi misundu yomata m'miyendo. "Mwana wanga, lero ndaona zimene ankanena zija." Sindinawalipiritse, ndipo mpaka lero salipira. Mnyamata winanso, amene anali tenanti pa esiteti ina, anandiuza mmene anachokera kumeneko usiku ndi mkazi wake ndi kamwana kumsana, ngongole ya chakudya itaposa mtengo wa fodya wake. Ananena izi titatseka kale, tikukolopa.

Kuchokera nthawi imeneyo ndinasintha kachitidwe. Filimu iliyonse yochokera pa nkhani yoona ndimayamba ndaonera ndekha, ndiwerenge, ndilembe maina ndi zaka m'kope. Sindionjezera nthabwala zanga pamene munthu akuvutika, ngakhale ndikudziwa kuti omasulira ena amakokera anthu ndi zimenezo. Ana asukulu sindiwalola nthawi ya maphunziro, ndipo mafilimu a nkhondo ndimaonetsa madzulo kwa akuluakulu okha.

Mafoni atilanda makasitomala ambiri. Mnyamata amangobenetsa filimu pa memole n'kukaonera kunyumba. Jenereta ndinaisiya mafuta atakwera mtengo, pano tili ndi sola ndi mabatire awiri. Mpira ndiwo ukulipirabe lendi. Koma Lachitatu lililonse madzulo ndi tsiku la nkhani zoona, ndipo amabwera ndi alimi, atelala, amayi a pamsika, anthu omwe pa mpira simungawaone. Febuluwale aliyense ndimabwereza ya Dengler ija pa theka la mtengo. Chaka chino agogo aja anabwera ndi zidzukulu zawo ziwiri zazikulu, ndipo anandipempha kuti pofika pa misundu ndiimitse kaye kuti afotokoze okha.